Kansungwi ka Gideoni

Chisepo, Dowa
12 Novembala 1977

Okondedwa amalume,

Ndikhulupirira muli bwino ku Bulawayoko. Kuno mvula yayandikira.

Thirakitala yakale ija, imene mng'ono wanga Gideoni anaidzutsa ndi manja ake, ndikuyendetsa ndine kuti munda wa mkazi wake Tabita usagone. Sabata yatha inandithera dizilo pakati pa munda, geji ikuonetsabe kuti thanki ndi yodzaza. Ndinachita manyazi, maphunziro onse a ku Zomba aja osandithandiza kanthu. Nditatsegula ndinapeza kachitsulo koyandama m'thanki katagwira dzimbiri. Ndakapala ndipo geji ikuyenda, ngakhale sindikudziwa ngati ndakonzadi.

Tabita anandiseka. "Alamu, bambo a kuno sankaikhulupirira gejiyo. Ankapisa kansungwi m'thanki." Anakatulutsa pansi pa mpando, kolembedwa mizere ndi mpeni. Ine mopusa ndinati sikafunikanso. Kuseka kunathera pomwepo.

"Kabwezereni pamalo pake," anatero. "Akabwera adzakafuna."

Chimutengereni Gideoni anthu a boma aja mu Ogasiti sitinamve chilichonse, ndipo zina sizilembedwa m'kalata. Kansungwiko ndakabwezera. M'mawa uliwonse ndimayamba ndakapisa, kenako n'kuyang'ana geji.

Muzitikumbukira m'mapemphero.

Ine mwana wa mlongo wanu,
Lester