Sindinatsike Panjinga

Lachinayi, Ogasiti 1974. Lero ndimayenera kusangalala, koma mtima ukukana.

Pulogalamu yanga yoyamba ya kompyuta, ya m'chinenero cha FORTRAN, yayenda. Makina a kuntchito ku Zomba ameza makadi onse a pulogalamuyo, n'kusindikiza manambala kuyambira wani mpaka teni. Abwana anandigwira chanza.

Koma m'mawa pa Naisi ndinapeza masamba pamsewu, chizindikiro cha maliro. Anzanga onse anatsika panjinga. Ine, poopa kuphonya nthawi yanga ya pamakina, ndinangoweramitsa mutu n'kupalasa.

Pobwerera ndamva kuti omwalirawo anali Che Saidi, omwe amandikonzera njinga yomweyi. Asilamu sagoneka maliro, aika kale.

Akazi anga andifunsa, "Nanga makina aja akuti chiyani?" Pepala la manambala aja lili m'thumba, sindinalitulutse. Mawa ndidutsanso pakhomo pa Che Saidi pomwepo, ndipo ana awo anandiona.