Fulashi Yofiira Munaithira Nyimbo

Bambo a Alile,

Ndathamangira ku Dedza boma, ndipo chondipititsa ndinu.

Kompyuta ya kushopu yakana kuyaka m'mawa uno magetsi atathima mwadzidzidzi. Makadi a ukwati wa a Wezzie ali momwemo, osasindikiza, ukwati uli sabata yamawa. Poyamba sindinade nkhawa, poti kopi ya kompyuta yonse ili mu hadidisiki yakuda ija. Ndatenga fulashi yofiira, imene imadzutsa kompyuta ikafa kuti tibwezeretsemo kopiyo. Ndayesa kuilowetsa m'mabowo onse a kompyuta, ndaiuza kompyuta kuti iyambire pa fulashi, koma zii. Poitsegula pa laputopu ndapezamo nyimbo za kwaya yanu ya ku Kasina zokhazokha. Munaifomata, n'kufufuta zonse zinalimo, eti? Ndinachita kuimangirira kaulusi kuti muziiopa, inu n'kuona ngati ndaikongoletsera inu.

Ndikukapanga fulashi ina yodzutsira kompyuta kwa a Godfrey okonza makompyuta aja. Hadidisiki ndaisiya pa tebulo. Musaigwire, musaisunthe, ngakhale kuipukuta fumbi ayi. Ikafa imeneyo ndiye kuti shopu yafa.

A Wezzie akabwera muwafotokozere nokha, ndipo musanamizire magetsi okha. Nkhumba sizinadye, gaga ali kuseri kwa chitseko. Pepani, kapu yanu ya tiyi yasweka. Inali pafupi ndi dzanja langa pa nthawi yolakwika.

Makadiwa akapanda kutuluka mawa, muyenda nokha khomo ndi khomo Bembeke yense, kuitanira anthu ku ukwati ndi nyimbo zanuzo.

Ndine mayi a Alile