Wilkins Atseke Pakamwa

Lolemba, 3 Malichi 1941

Kalata yochokera kusukulu ya sekondale. Aphunzitsi ake, a Bennet, akuti Wilkins, mwana wa mlongo wanga, satha kuwerenga chamumtima. Akatseka pakamwa, mutu nawo watseka. Mayeso pa 21. Akalephera, malo apatsa wina. Mnyamata wotuluka kale ndevu! Kumudzi ankawerenga onse pamodzi mokuwa ngati achule, nkumamutcha katswiri.

Lachitatu, 5 Malichi

Ndamuyesa ndekha kuseri kwa khitchini. Mokweza, mawu akungoyenda ngati madzi a mumtsinje wa Mudi. Ndati tseka mlomo. Watha tsamba, ndamufunsa wamvamo chiyani. Zii. Ndakalipa mpaka agalu a bwana auwa. Ine wophika chabe kuno ku Mandala, m'kalasi sindinapondemo, koma ndimatha. Iye chavuta nchiyani?

Lamulungu, 9 Malichi

Ndamuvumatitsa madzi, ndati usameze mpaka tsamba lithe. Watsamwa, walavulira buku la eni ake. Ndamuwaza mbama. Akuti, "Amalume, ndikapanda kudzimva, zilembozo zimangokhala nyerere." Dzanja likundiwotchabe. Mlongo wanga ndikamuuza chiyani?

Lolemba, 17 Malichi

Sabata yathunthu osayankhulana. Kamtolo kake wamanga kale. Atsala masiku anayi.

Posenda mbatata ndakumbuka. Ine mphunzitsi wanga anali mantha. Ndinkawerenga nyuzipepala ya bwana mobisa m'sitolo ya zakudya ya m'nyumbamo, mwini wake ali kuseri kwa chitseko. Kungonong'ona, ntchito yatha. Mlomo unkatseka wokha.

Lachiwiri, 18 Malichi

Ndamulowetsa m'sitolomo mozemba, nthawi ya nkhomaliro. Dona, mkazi wa bwana, analetsa kalekale, wachibale asaponde m'nyumba. Ndamuuza, ukatulutsa liwu tonse tikagona pamsewu wa ku Limbe. Buku m'manja, chitseko gwa.

Ndapereka supu, zii. Nyama, zii. Ndasuzumira. Thukuta kamukamu, milomo yolumana, chala chikuyenda.

Ndikuthira tiyi, phwete! Kuseka, m'sitolo. Dona maso pa ine.

Galu ameneyu wandithetsa ntchito. Zaka khumi ndi ziwiri pakhomo pano.

Koma waseka. Palibe anamuuza kuti pamenepo mposeketsa. Wamva yekha, pakamwa potseka.

Belu la dona likulira, kachitatu tsopano. Ndipite ndi epuloni kapena ndivuliretu