Ukonde Umodzi pa Makanema Anayi

Nampula
Lamulungu, 14 Julho 2024

Okondedwa Atate,

Landirani moni wochokera kwa mwana wanu, inu pamodzi ndi onse a pakhomo pathu ku Msumba. Kaya muli bwanji m'nyengo ya mwera ino? Msana uja unasiya kukuvutani? Ine kuno Mulungu akundisunga. Chimfine chokha n'chimene chinandigwetsa sabata yatha chifukwa cha fumbi la m'tauni muno, koma tsopano ndachira.

Ndinene poyambirira chimene ndalembera, mungati ndakuzungulirani. Ndi nkhani ya maso anuwo. Kawiri konse ndakupemphani pa foni kuti mupite ku Lichinga akakuchotseni ng'ala, ndipo kawiri konse mwandiyankha kuti inu mukuona bwinobwino, amene sakuona ndine. Pa foni mumandidula mawu, n'chifukwa chake lero ndasankha pepala. Mundilole ndiyambe ndi zimene ndaona kuntchito, pempho langa libwere pambuyo.

Monga mukudziwa, ndimagwira ntchito mu loja, ndiye kuti sitolo, ya a Sarifa, mayi amene amagulitsa makanema ndi makina a masewera. Makinawa ndi kabokosi kamene amalumikiza ku kanema ndi chingwe, ndipo kuno amangokatcha pulei. Munthu amagwira kachipangizo m'manja n'kumayendetsa anthu a m'kanemamo ndi zala. Akafuna kuti athamange amathamanga, akafuna kuti amenye mpira amamenya. Ine zimenezo sindinkazilabadira. Ntchito yanga inali kunyamula makatoni ndi kupukuta fumbi, basi.

Mwezi watha kunabwera bambo wina amene akutsegula nyumba yoti anthu aziseweramo masewerawa, koma sankadziwa kanema woti agule. A Sarifa anauza mnzanga José Luís, amene amadziwa za mawaya, kuti andanditse makanema atatu pa tebulo, onse aonetse masewera amodzi nthawi imodzi, kuti munthuyo asankhe ndi maso ake. Ine ndikunyamula, pakamwa panayabwa. Ndinanena mokweza kuti zonsezi n'kukometsa malonda chabe, chithunzi ndi chithunzi. Ndinati ine ndakulira kanema wa chimimba kumbuyo, wonga uja wa kwa a Octávio ku Metangula kumene timaonera mpira, ndipo sindinaphonyepo chigoli ngakhale chimodzi. José Luís anangoseka, n'kundituma kuti ndikatenge wachimimba amene amakhala kuseri kwa loja, tidzamuike poyambirira pa mzere womwewo, onse pamodzi akhale anayi. Ndinamunyamula monyadira, msana uli gwa.

Masewera amene anaika anali a munthu woyenda m'mudzi wa asodzi. Munali ngalawa, mchenga, ndi ukonde woyanika pamitengo. Ndinayamba kuyang'ana pa kanema wanga wakale uja, ndipo ndinakhutira. Mudzi unalipo, ngalawa zinalipo, ukonde unalipo, wathunthu. Ndinati nanga si izi, mukufunanso chiyani?

Kenaka ndinasuntha maso pang'ono. Atate, pa kanema wachiwiri, amene amati LED, ndinaona kuti ngalawa ija inali ndi matabwa, ndipo utoto unali utasupuka m'mbali. Pa wachitatu ndi wachinayi ndinaona misomali ya m'matabwamo, dzimbiri likutsika pa msomali uliwonse. Ndinaona mchenga utamatirira kumapazi a munthu uja. Madzi akagunda gombe ankasiya thovu, thovulo n'kumaphulika pang'onopang'ono mpaka kutha. Ndinayang'ana pansi kuona ngati nsapato zanga zanyowa, ndipo sindikunena zoseka. Ndinaima pamenepo pakamwa pali yasa, mpaka a Sarifa anandifunsa ngati ndikudikira ntchentche.

José Luís anandifotokozera kuti chithunzi cha pa kanema chimapangidwa ndi timadontho tating'onoting'ono tondandalikidwa m'mizere. Pali makanema a mizere 720, pali a 1080 monga wachiwiri uja, ndiye pali amene amati 4K monga wachitatu ndi wachinayi aja, a timadontho topitirira mamiliyoni asanu ndi atatu. Sindinamve kanthu kufikira nditayandikiza nkhope pagalasi. Pamenepo ndinazindikira, chifukwa ndi maso a ukonde enieni. Wa 720 ali ngati matchera a kampango, tinthu tating'ono timangodutsa. Wa 4K ali ngati thumba la chilimira, ngakhale usipa sudutsa. Dzanja linapita lokha, ndinayamba kuwerenga masowo ndi chikhadabo monga munandiphunzitsira. A Sarifa anakuwa kuti ndichotse dzanja msanga, galasi limenelo si mkeka wa kwathu.

Koma chimene chinanditsiriza ndi ukonde uja. Pa 4K ndinaona ulusi wake, ndinaona mfundo imodziimodzi. Ndiye ndinaonanso kuti amene anajambula ukondewo sanagwirepo singano ya nsungwi. Mfundo zake zinali zosalimba, zoti nsomba ikangokankha zimasereleka, ndipo chapansi pafupi ndi chingwe panali pong'ambika poti n'kulowetsa chibakera. Ndinaiwala kuti pali kasitomala, ndinakuwa kuti ukonde uwu sungagwire nsomba, mwini wake agona ndi njala. Loja yonse inafa nacho chiseko. Bambo wogula uja anachita kugwira tebulo.

Iwo akuseka, ine ndinabwereranso kwa wachimimba wanga. Ukonde unali womwewo, masewera omwewo, koma pamenepo unali wathunthu, wopanda bowo. Kanemayo sankanama dala ayi, ankaonetsa zimene akanatha. Ndipo ndikanakhala ndi iye yekha, ndikanalumbira pa Baibulo kuti ukondewo ndi wabwino.

Awiri a 4K aja nawonso sanali ofanana. Wina amati QLED. Ameneyo ali ndi nyale kumbuyo kwa galasi monga LED, ndipo amawala kwambiri, moti ngakhale zitseko zili zotsegula dzuwa likulowa, mitundu yake sizilala. Winayo amati OLED, wopyapyala moti ndinkaopa kuti athyokera m'manja mwanga. Ameneyo alibe nyale kumbuyo, kadontho kalikonse kamayaka pakokha n'kuzima pakokha. Munthu wa m'masewera uja atalowa m'kanyumba kosungira nkhafi, pa QLED mdima wake unali wotuwira ngati phulusa, pomwe pa OLED unali bii, ndipo kuwala kolowera pa ming'alu ya khoma kunkaoneka kamzere kamodzikamodzi. Sindinadziwe kuti anthu angathe kupanga chinthu chotero. Ndinachita mantha pang'ono, ngati mmene ndimamvera tchalitchi chonse chikaimba nyimbo ya Pasaka.

Ine ndinati wogulayo atenge OLED basi, nkhani yatha. José Luís anati ndisathamange. Anati pa OLED chinthu chikakhala malo amodzi tsiku ndi tsiku, monga manambala a zigoli pa masewera a mpira, chingathe kusiya chipsera pagalasi. Anatinso pa masewera kukongola kokha sikokwanira, kanema ayenera kumvera chala msanga. Anaika mpira n'kundipatsa kachipangizo kaja. Pa LED uja ndikadina, wosewera ankachita ngati akuyamba waganiza. Atasintha kanemayo kuti akhale pa makonzedwe a masewera, kuchedwa kuja kunachepa. Pa awiri enawo, amene angathe kusintha chithunzi ka 120 pa sekondi m'malo mwa ka 60, mpira unkayenda mosalala, ndipo mwendo unkanyamuka chala changa chisanachoke. Ndinagoletsa m'golo langa lomwe kawiri, koma ndinagoletsa mwachangu. Anachenjezanso wogulayo kuti pulei wakale sangatumize chithunzi cha 4K, kanema amangochitambasula. Pomaliza bambo uja anasankha QLED, popeza nyumba yake ndi yowala ndipo anthu ake ndi a mpira tsiku lonse.

M'mawa mwake tinatsegula makatoni asanu ndi limodzi oti tikapereke kwa bamboyo. José Luís ankayatsa kanema aliyense, kuika chithunzi choyera, kuponya diso, n'kuti ali bwino. Ine sindinathe kutero. Ndinkayambira pakona ya kumanzere kupita kumanja, mzere ndi mzere, osalumpha, monga mumachitira ukonde mukauyala pa mchenga. José Luís anati ndikuchedwetsa galimoto, kodi ndikusaka nsabwe? Pa kanema wachisanu ndinapeza kadontho kamodzi kakuda, kakufa, kochepa kuposa dzira la usipa. Iye sanakaone mpaka atakajambula ndi foni n'kukakulitsa. A Sarifa anabwera, anayang'ana, anagwira pakamwa. Anandifunsa kuti sukulu imeneyi ndinaiphunzira kuti. Ndinawayankha kuti pansi pa mtengo wa mango ku Msumba, kwa a Alufandika osoka maukonde, amene ndi bambo anga. Kuyambira tsiku limenelo palibe kanema amatuluka mu loja ndisanamuone ine, ndipo makatoni akunyamula ena.

Atate, ine ndine uja ndinachoka pakhomo ndikunena kuti sindidzafa ndi singano ya ukonde m'manja. Mawu amenewo andiwawa zaka zinayi, ndipo ndikupepesa. Maso amene akundidyetsa kuno munawasula ndinu. N'chifukwa chake mtima wanga sukupeza mpumulo pamene anu akuzima.

Tsono pempho langa ndi limodzi. A Sarifa andipatsa tchuthi cha sabata imodzi mu Agosto. Ndibwera kudzakutengani, tidzakwere minibasi ija amati chapa pa Metangula, ndipo ndidzakhala nanu ku chipatala mpaka adzakumasuleni nsalu kumaso. Ndikudziwa kuti mukuopa mpeni, ndipo palibe manyazi pamenepo. Ndafunsa kwa mayi wina wa kutchalitchi kwathu kuno amene anachotsedwa ng'ala chaka chatha. Akuti anamva kuwawa pang'ono chabe, ndipo tsopano amalowetsa yekha ulusi pa singano.

Ndikudziwanso chimene muyankhe. Munena kuti asodzi akubweretsabe maukonde, ndipo palibe amene wadandaula. Keti, mlongo wanga, ndikudziwa kuti ukuwerengera Atate kalatayi ndiwe. Usalumphe ndime imene ikubwerayi, ndikukupempha. Ukailumpha ndidzainena ndekha pamaso pawo.

Atate, palibe amene wadandaula chifukwa maukonde amene amachoka pakhomo panu si mmene mumawasiyira. Inu mukapita ku mapemphero a m'mawa, Keti amayala ukonde umene munasoka dzulo lake, amamasula mfundo zimene mwamanga pa diso lolakwika, n'kutseka mabowo amene mwawadutsa. Wachita zimenezi zaka ziwiri, akuthamanga kuti amalize belu lotulukira lisanalire. Chilimira ya mnzanu a Hamisi ija, eni akewo anabwera kudzaitenga pamene Keti anali kumunda, asanaigwire, ndipo inataya usipa wa ulendo wonse. Iwo anakuuzani kuti ayamba kusoketsa ku Chiwanga chifukwa n'kufupi ndi kwa apongozi awo. Ananena choncho pokulemekezani. Mudzi wonse ukudziwa, ndipo mudzi wonse wakhala chete chifukwa umakukondani. Keti akukwatiwa mu Dezembro, apita ku Likoma. Pambuyo pake sipadzakhala woyala ukonde inu muli kutchalitchi.

Ngati mukuganiza kuti ndikunama, musakhulupirire ine. Ukonde umene musoke lero muupinde nokha, muusunge kumutu kwa bedi lanu, munthu asaukhudze. Mawa muitane a Hamisi, muwauze kuti akuuzeni zoona monga mnzanu wa ubwana, awerenge mabowo inu muli pomwepo. Akapanda kupeza ngakhale limodzi, dzina la Lichinga simudzalimvanso pakamwa panga.

Mundiperekere moni kwa azakhali a Ernestina ndi ana awo, kwa amalume ku Chiwanga, kwa alamu anga ku Likoma, ndi kwa anzanu onse a m'kwaya. Amayi aang'ono muwauze kuti usipa umene anatumiza unafika bwino, ndipo José Luís wadya woposa ine.

Mukapsa mtima, mupsere ine. Keti anandilumbiritsa kuti ndisanene, ndipo waswa lumbiro ndine. Iye sanakuchotsereni ulemu, Atate, wausunga ndi zala zake mpaka zachita zikang'a. Mugwireni manja mumve nokha, popeza zimenezo sizifuna maso.

Ambuye akusungeni mpaka tidzaonane mu Agosto.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Leonardo Alufandika