Chinkhoswe cha Shalom m'chipinda cha vinyo

Lamulungu, 8 Seputembala, South Bend

Sutikesi yatsekeka. Ulendowu tinaukonza awiri, ine ndi a Lucious. Mu Julayi tinawaika m'manda. Ndikupita ndekha.

Ali m'chipatala anandisiyira mawu okhudza Shalom: "Mwana wathu asakalowe kwa eni ake ngati alibe kwawo." Davide, amene akufuna kumukwatirayo, ndi mnyamata waulemu, koma makolo ake sitinaonanepo nawo. Ndiye chinkhoswe chichitika basi, ngakhale ku Italy.

Lolemba, 9 Seputembala

Ndinapita ku tauni ya Speedway kwa achimwene anga, a Shadrick, poti nkhoswe ndi iwowo, malume a mwana. Kuchipatala kumene amagwira ntchito awakaniza tchuthi.

"Achemwali, musadandaule, ndidzalankhula pa vidiyo nthawi ya buleki. Inu yanu ndi kugwira foni. Mayi wa mwana salankhula pachinkhoswe, mwamva? Ndipo mukapeze thadzi. Akuchimuna akapereke tambala."

Pobwerera ndinaima pa giroseri, ndinangopezeka ndagula khofi amene ankamwa a L.

Lachinayi, 12 Seputembala

Ndafika. Kamudzi ka kwawo kwa Davide kali pamwamba pa phiri, kumpoto kwa Italy. Zonse ndi mwala: nyumba, misewu, ngakhale mipando ya panja pa tchalitchi. Midzi yotere ndinaiwerenga kambiri m'mabuku, koma palibe buku linandiuza kuti fungo la mphesa zofinya limakakamira mpaka m'tsitsi. Ali pa kukolola.

A Ennio, bambo ake a Davide, manja awo ndi ofiirira ndi mphesa. Anatsika nane m'chipinda cha pansi pa nyumba, chimene agogo awo anachigoba ndi manja m'thanthwe. Mabotolo a vinyo agona m'mashelefu osemedwa m'mwala womwewo. Kozizira, kwachete ngati m'tchalitchi Lolemba. A L. akanagogoda khomalo ndi chala kuti amve kulimba kwake. Ndinawagogodera.

Lachisanu, 13 Seputembala

Thadzi ndalipeza kwa aneba. Shalom anangogwira kumutu, n'kumadandaula m'Chingerezi chakecho kuti ndimuchititsa manyazi. Ndinalimanga mwendo pakhomo la khitchini kuti lidikire mawa.

Masana ndikukaliona, nthenga zokhazokha m'ndowa! A Ornella, mayi ake a Davide, anatuluka akumwetulira, kundipsompsona tsaya ili ndi ili, ati chikhalire sanalandirepo mlendo wobwera ndi ndiwo yake. Thadzi langa lili mu uvuni.

Ndinaseka mpaka kukhala pansi pamwala. Kuyambira Julayi sindinasekepo chotere.

A Shadrick pa foni: "Palibe chaonongeka, yootcha imagwiranso ntchito. Koma tambala wawoyo nayenso afe, chilungamo chioneke." A Ennio atamva, anatuma Davide ndi mpeni.

Loweruka, 14 Seputembala

A Ennio anati nkhani zikuluzikulu za banja lawo zimakambidwira pansi paja, pa vinyo. Tinatsika tonse, achibale awo thoo, ife awiri okha. Kuyatsa foni, netiweki zii. Thanthwe silidziwa malume. Davide anathamanga nayo m'mwamba, nkhope ya a Shadrick n'kuoneka. Akatsika pang'ono, yazima. Pamene timati tikwere tonse, uthenga unalowa: "Andiitana kwa wodwala. Lankhulani inu."

Anthu onse maso pa ine. Ndinaimirira.

Ndinati: "Mwana uyu ali ndi kwawo. Bambo ake ndi a Lucious, a ku Dedza, anamwalira akukonzekera kudzaima pamene ndaima inepa. Ali ndi malume, azakhali, mpingo. Sitikumutaya, tikumubweretsa masana anthu akuona. Akalakwa musamubweze mwakachetechete, mutiuze. Akalakwiridwa tidzabwera."

Shalom ndiye ankamasulira m'Chitaliyana. Sindimadziwa kuti Chichewa amachimva mpaka pamenepo, sanaphonye liwu. Ngakhale dzina la bambo ake analitchula mutu uli chilili.

A Ennio anavula chipewa. Anafunsa kuti anawa akakangana aimbire ndani.

"A Shadrick," ndinatero. "Koma akakhala pa shifiti, ine."

Chipinda chonse phwete. Tinasinthana mbale, iwo tambala, ife thadzi. Vinyo sindimwa, ndine wa Mvano, koma kapu ndinailandira ndi manja awiri ndipo ndinanyowetsa milomo. Abusa asamve.

Lamulungu, 15 Seputembala

A Ornella agogoda m'mamawa, andipatsira pakhomo ndowa ndi sizasi yodulira mphesa, akulankhula mofulumira. Shalom akuti kumunda kuno alendo saloledwa kugwira ntchito, amangowapatsa mpando pamthunzi.

Akundikuwira panja kuti ndachedwa. Nsapato zanga zafulati ndaika kuti?