A Chipika Sanaiwale

Kwa mayi wamasiye, ana, adzukulu ndi abale onse, komanso kwa aliyense amene uthengawu umufike.

Ife a Bungwe la Madalaivala ndi Olongeza Miyala tadzidzimuka ndipo mitima yathu yasweka ndi imfa ya mkulu wathu, amene tonse pantchito tinkawatchula kuti a Chipika, omwe atisiya Lachiwiri masana pamalo ophwanyira miyala, atagwira chiwongolero zaka makumi atatu ndi zinayi osapundula munthu, osagunda ngakhale mbuzi ya mwini.

Dzina limeneli linayamba ngati chipongwe. Malemuwa ankayenda ndi chipika cha mtengo kuseri kwa mpando, ndipo akaimika lole, kaya ndi pamtsetse kaya ndi pathyathyathya, ankayamba atsika n'kuchikhomera kutayala, moni pambuyo. Asanalize injini ankazungulira lole yonse ndi mpini wa fosholo, kugogoda matayala ndi kusuzumira pansi, chifukwa olongeza miyala dzuwa likawawotcha amakonda kugona mumthunzi wa galimoto. Anzawo ankawaseka: "Madala, mukufunafuna chiyani pansipo, mwataya mkazi?" Iwo ankayankha osaseka: "Ndikufuna mwamuna wa mlongo wako, ndisanamusandutse chikumba." Tawerenga amuna asanu amene anatulutsidwa pansi pa lole ndi mpini umenewo, akutikita maso ndi kutukwana. Onse asanu ali moyo, ndipo atatu adzanyamula nawo bokosi.

Ndi a Chipika amene anavutitsa akuluakulu a kampani mpaka anamanga kashedi ka malata koti anthu azipumulamo. Ndi iwo amene anaumirira kuti pasanaphulitsidwe mwala pazilira wezulo katatu, ndi kuti amayi ophwanya miyala azipatsidwa magalasi otchinga maso. Dalaivala akabwera maso ali psuu, ankamulanda makiyi n'kuwaika m'thumba mwawo, anyoze asanyoze. Zimenezi sizinawapezetse mabwenzi kuofesi. Kumeneko ankawatcha wovuta, pajatu munthu wonena za buleki samveka bwino m'makutu mwa wogula buleki.

Tsopano tinene zimene zatilembetsa kalatayi motalika chonchi. Lachitatu m'mawa, thupi lisanatuluke n'komwe kuchipatala, kampani inakhoma pepala pageti lonena kuti ngoziyi yachitika chifukwa dalaivala sanatsate malamulo a chitetezo, anaiwala kutchinga tayala. Mwana wamkazi woyamba wa malemuwa, atabwera kudzatenga jekete la bambo ake, anawerenga pepalalo, n'kutifunsa kuti: "Atsibweni, n'zoona kuti adadi anaiwala?" Tinamuuza kuti tidzamuyankha pamaso pa anthu, osati monong'ona, popeza bodzalo nalonso analikhoma poyera.

Lole imene ankayendetsa malemuwa ili ndi batire lakufa, choncho inkaimikidwa pamtsetse kuti izilira ndi kukunkhunizika. Buleki yake ya pamanja inatha kalekale, ndipo giya imatuluka yokha. Iwo anakanena kuofesi katatu. Makaniko wathu ndi mboni, ndiye anawaperekeza ulendo wachitatu, ndipo yankho la kapitawo linali lakuti: "Inu a Chipika, si muli ndi chipika chanu?"

Lachiwirilo anatchinga tayala monga mwa masiku onse, n'kupita kumpopi kukasamba m'maso. Chapomwepo lole ina inali itaphwa tayala, ndipo jeke inkamira m'dothi. Mmodzi wa olongeza, bambo wa ana anayi amene wagwira nafe ntchito zaka zisanu ndi ziwiri, anaona chipika chija, n'kuchigogoda ndi hamala mpaka chinatuluka kuti akachiike pansi pa jekeyo, akudziuza yekha mumtima kuti: "Ndibweza pompano, ili m'giya iyi." Palibe mwa ife amene sanabwerekepo chinthu chotero pantchito. Lole ya a Chipika ija inaima kanthawi, kenaka inayamba kuyenda yokha, itadzaza miyala, kulunjika kumunsi kumene amayi asanu ndi mmodzi ankaphwanya miyala atafulatira, makutu atatsekeka ndi phokoso la nyundo.

A Chipika, munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi, wodandaula mawondo tsiku lililonse, anathamanga. Anadumphira pasitepe, n'kulowetsa dzanja pawindo, n'kupotoza chiwongolero kuti lole ikagunde mulu wa miyala. Inagundadi, koma inapendekera mbali imene anali iwo, n'kuwagwera. Amayi aja anatembenuka fumbi litakwera kale. Palibe ngakhale mmodzi amene anakalika.

Choncho, mwana wathu, yankho ndi ili: bambo ako sanaiwale. Olemba pepala lija sanafike n'komwe pamtsetsepo, nsapato zawo sizidziwa fumbi lathu. Tawauza kuti alichotse, iwo akuti akufufuza. Kufufuza kwawo tikukudziwa, takalamba tikukudikira. Mamembala agwirizana kuti palibe injini imene ilire pamalopo mpaka pepalalo litatsika ndipo lole iliyonse itaonedwa mabuleki ife tikuyang'ana.

Chatsala ndi pempho lolemera, ndipo tikulipereka titagwada. Wolongeza uja palibe anamuona akuchotsa chipika. Akanatha kukhala chete, kampani ikanakondwa, ifenso sitikanadziwa. Koma anabwera yekha kwa ife Lachinayi, chisoti chili m'manja, n'kunena kuti: "Akuluakulu, a Chipika anandidzutsapo pansi pa lole ine. Sindingadye iwo akunamiziridwa." Akudziwa kuti ntchito imuthera. Akupempha kuti abwere pamaliro adzanene mawu omwewa ndi pakamwa pake pamaso panu, mayi. Ife sitikukakamizani, chifukwa bala ndi lanu. Mukakana, akhala kutali ndipo sitidzakuonani olakwa. Mukalola, tibwera naye tili pambali pake, ndipo anthu onse adzamve kwa iye mwini kuti tayala lija linali lotchinga.

M'malo mwa mamembala onse, madalaivala, olongeza, amakaniko ndi amayi ophwanya miyala, tikupepesa kuchokera pansi pa mtima. Mulungu akupatseni mphamvu m'masiku owawa ano, akulimbitseni mawondo popita kumanda ndi pobwerera, ndipo mzimu wa mkulu wathu uuse mumtendere. Yankho lanu tilidikira panja pa mpanda, kufikira mutatiitana.

Wapampando,
Bungwe la Madalaivala ndi Olongeza Miyala