Alendo a Basale Anadya Tambala

Chilomoni, Blantyre
9 Okutobala 2023

Okondedwa achemwali a Dailesi,

Ndati ndimve za moyo wanu kumeneko ku Dambe. Kodi bondo lija likukulolani kutsikira ku dimba? Ine kuno ndilipo, msana wokha ndiwo ukudandaula ndi maluwa a abwana. Akundilembera ndi a Bernard, akhukhi a panyumba pano.

A Limbani, oyandikana nanu aja, anabwera ndi mbatatesi ku msika, ndipo andifotokozera zonse. Ndizibwereza pang'onopang'ono kuti muzimve bwino.

Mdzukulu wanu Tikondane, mwana wa malemu Kettie wathu, atasankhidwa ku sekondale yogonera konko, a boma anatumiza uthenga kuti abwera kudzaona pakhomo. Basale, eti, imalipirira sukulu mwana wanzeru amene kwawo kulibe kanthu. Iwo ankabwera kudzaona kusowa. Inu munangomva kuti kukubwera alendo.

Munazira nyumba. Munakabwereka mipando inayi ndi mbale zagalasi kwa a Mariam a kugolosale. Mwana munamuveka nsapato za mnzake. Tambala mmodzi yekha amene munali naye, munapha. Atakufunsani ngati mumagonapo ndi njala, akuti munaseka n'kunena kuti, "Pano sitisowa, alongo anga ali pa ntchito ku Blantyre."

Ntchito yake iti, achemwali? Yothirira maluwayi?

Alendowo anadya, nasamba m'manja, nalemba zimene anaona. Sananame ayi. Basale yapita kwa mwana wa ku Ligowe, amene amayi ake anakhazika alendo omwewo pa mphasa yong'ambika, osawapatsa ndi madzi omwe. Mayi ameneyo anatiposa nzeru tonse awiri.

Ndamvanso kuti kuchigayo mukuuza anthu kuti pachitika ziphuphu, kapena kuti mwana amulodza. Siyani zimenezo. Munaopa kuti alendo akanena kuti kwa a Dailesi n'kwa amphawi. Chabwino, sanakanene. Dzina lanu lili bwinobwino.

Ine sukulu yogonera konko sindingaithe. Ndinagwada kwa abwana. Anayankha kuti za sukulu za ana a eni salowererapo, koma adona akufuna mtsikana wochapa ndi kulera ana. Ndinaganiza masiku atatu, ndipo monga mwinimbumba ndavomera.

Pempho langa ndi limodzi basi. A Limbani akamabweranso Loweruka, mumupereke Tikondane kwa iwo, akakwere naye minibasi pa Zalewa. Atenge zovala ndi chitenje chofunda. Makope ndi kalata yomusankha ija zitsale komweko, chifukwa wantchito woyamba adona anamuchotsa atamupeza akuwerenga mabuku a ana awo. Musamulirire pa msewu anthu akuona.

Mupereke moni kwa alamu anga, kwa azakhali a kumtunda ndi kwa mbumba yonse. Manda a Kettie muwalambule mvula isanagwe.

Iwe Tikondane, ndikudziwa kuti agogo ako sadziwa kuwerenga, ndipo ndiwe ukuwawerengera kalatayi. Akuti pa mayeso, m'sukulu za zoni yonse palibe anakuposa. Wawerenga bwino, mdzukulu wanga. Tsopano ipinde, ukachape zovala zako kuti Loweruka zikhale zitauma.

Tsalani bwino.

Ndine mlongo wanu,
Ezekiele